Kodi chiropractor angawongole msana wa mwana wanga?

Mayi ena a kwathu omwe akukhala ku Johannesburg andilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 amupeza ndi scoliosis, vuto lomwe msana umapindikira cham'mbali. Anayamba kukayika ataona kuti siketi ya yunifomu ikulendewera mbali imodzi ngakhale telala anaisoka bwino. Dokotala atamujambula anati wapindika madigiri 28, ndipo azivala brace, chovala cholimba cha pulasitiki chogwira thupi kuyambira m'chiuno mpaka m'chifuwa. Mwanayo akukanitsitsa, akuti anzake amuseka. Mnzawo wa kutchalitchi wawauza kuti chiropractor, katswiri wothandiza anthu pokanikiza ndi kupotokola mfundo za msana, angamuwongole ndi manja basi. Akufunsa kuti atsate ziti.

Mayi, ndikuyankheni mosapsatira: musasiye brace chifukwa cha chiropractor.

Sindikunyoza ntchito yawo. Inayamba mu 1895 ndi Daniel David Palmer ku Davenport, Iowa, ndipo kumene muliko amaiphunzitsa pa University of Johannesburg. Akakanikiza ndi kupotokola mfundo za msana, ena omva kupweteka amapezako bwino kwa kanthawi. Koma palibe umboni wodalirika wosonyeza kuti manja amawongola scoliosis kapena kuiletsa kukula. Kulira kuja kumene mumamva akakanikiza si fupa lobwerera m'malo mwake ayi, ndi mpweya wa m'madzi a m'mfundo, monga mmene zimalirira zala tikazikoka.

Muuzeni mwanayo aimirire miyendo pamodzi, awerame manja atalendewera, inu muime kumbuyo kwake. Muona nthiti za mbali imodzi zitatumphuka ngati kachulu. Zimatero chifukwa mafupa a msana sanangopendekeka, azunguliranso, ndipo akukula ali chizungulirire. Chinthu chomwe chikupotoka usana ndi usiku sichingagonje ndi kukanikiza kwa mphindi zochepa pa sabata.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chakuti mwanayo sanathe msinkhu. Msana umapindika mofulumira pa nthawi imene mwana akutalika mofulumira, makamaka atsikana, ndipo brace imagwira ntchito pokhapokha mafupa akadali kukula. Ndiye chifukwa chake madokotala amaipereka pa madigiri 25 mpaka 40, ndipo akadutsa 45 kapena 50 amayamba kukamba za opaleshoni yolumikiza mafupa ndi zitsulo. Kafukufuku wa BrAIST, wotsogoleredwa ndi Stuart Weinstein ndipo anasindikizidwa mu 2013, anapeza kuti ana 72 pa 100 alionse ovala brace anamaliza kukula osafika madigiri 50, pomwe mwa osavala anali 48 okha. Amene ankavala maola 13 kapena kuposa pa tsiku, pafupifupi 90 pa 100 alionse zinawayendera. Brace siwongola msana kotheratu, imangouletsa kupitirira. Miyezi imene mungataye mukuyesa zina siidzabweranso.

Musadziimbenso mlandu. Mwa ana ambiri otere, pafupifupi 8 pa 10 alionse, madokotala sapeza chomwe chinayambitsa. Si chikwama cha mabuku, si kusenza madzi, si munthu anamulodza.

Ngati akumva kupweteka ndipo mukufunabe chiropractor, pitani kwa wolembetsedwa ku Allied Health Professions Council of South Africa, bungwe loyang'anira ntchito yawo, mutamudziwitsa dokotala wa mafupa, mwana akuvalabe brace. Akakulonjezani kuti madigiri atha, nyamukani muzipita. Ine ndikanayamba ndafunsa za physiotherapy, chithandizo cha masewera olimbitsa thupi, makamaka njira ya Schroth, yomwe Katharina Schroth anayambitsa ku Germany mu 1921. Imaphunzitsa mwana kaimidwe ndi kapumidwe, ndipo imayendera limodzi ndi brace.

Kwa owerenga a kumudzi, pali china choopsa. Mwana akatuluka linunda, msana ukuwawa usiku, akuwonda, akutentha thupi kapena miyendo ikufooka, mwina ndi TB ya msana, yomwe imadya fupa. Wotereyu asamukanikize munthu aliyense, angapuwale. Thamangirani kuchipatala. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002.

Za manyazi a mwanayo musazipeputse, Mayi. Pulasitiki imatentha, imakhula pakhungu, ndipo pa zaka 12 kusekedwa kumapweteka kuposa msana. Mugulireni timalaya ta thonje topanda msoko tovalira mkati, ndi yunifomu yokulirapo pang'ono. Pobwerera kwa dokotala, mumusiye aone yekha chithunzi cha msana wake, afunse yekha maola amene ayenera kuvala komanso tsiku lomwe adzajambulidwenso.