Kuphunzitsa relation ndi function kwa ana a Fomu 1 ndi 2

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungayambire phunziroli popanda kuwasokoneza ana. Ine ndikuona kuti ndi bwino kuyamba ndi mivi, osati zilembo. Lembani pa bolodi mayina a ana kumanzere ndi a amayi awo kumanja, kenaka ophunzira ajambule muvi kuchokera kwa mwana aliyense kupita kwa mayi womubereka. Kulumikiza magulu awiri motere ndiye relation. Popeza mwana aliyense ali ndi mayi mmodzi yekha womubereka, muvi wochoka pa dzina lililonse ndi umodzi, ndipo imeneyi ndiyo function. Mukatembenuza miviyo, mayi wa ana atatu atulutsa mivi itatu. Relation ikadalipo, koma si function.

Akamvetsa zimenezi, bweretsani manambala. Pa y = 2x + 1, alowetse 0, 1, 2 ndi 3 m'malo mwa x kuti apeze y, yemwe ndi 1, 3, 5 ndi 7, kenaka aike madontho pa galafu.

Pamene ambiri amapunthwa ndi poganiza kuti manambala awiri osiyana saloledwa kupereka yankho lofanana. Apa musathamange. Aonetseni kuti pa y = x², 2 ndi −2 onse amapereka 4, monga momwe ana awiri amakhalira ndi mayi mmodzi, ndipo ndi function ndithu.

Kalembedwe ka f(x), kosonyeza yankho lomwe function imapereka mukalowetsa x, komwe katswiri wa masamu Leonhard Euler anayamba kugwiritsa ntchito mu 1734, kadikire sabata yotsatira, chifukwa ana akakaona msanga amayesa kuti f akuchulukitsidwa ndi x.