Timagalimoto timene tinatsala pang'ono kundigulitsitsa poloti

Achimwene, mwafunsa kuti geni yokatenga zidole ku Joni imayenda bwanji, ndipo mwati mukufuna kuyambira pa timagalimoto tamagetsi tija tothamangitsana pa kamsewu ka pulasitiki, poti munationa kunyumba kwa abwana anu ku Area 43. Ndaseka ndekha ngati wamisala. Za basi, za pasipoti, za kugona pa Park Station mutakumbatira chikwama, kafunseni aliyense pa Devil Street. Ine zaka 14 ndikuwoloka Beitbridge ndi mlatho wa ku Tete, pamenepo sindingatayepo malovu.

Timagalimototo ndinatidziwira kwa kasitomala wanga, bambo wina wopuma pa ntchito amene chipinda chathunthu anachisandutsa bwalo la mpikisano. Anandituma kamodzi ka mtundu wotchedwa Scalextric, kotalika ngati chikhatho changa, koma mtengo wake mpaka ndinamufunsa wa m'shopu kawiri. Nditakatembenuza ndinaona kalilime kolowa mu mng'alu wa msewu, ndi timawaya tiwiri toluka ngati tsitsi la mwana, timene timakhudza tizitsulo ta m'mphepete mwa mng'aluwo n'kumakoka magetsi. Chiwongolero palibe. Chanu n'kufinya ndi chala kachida kowonjezera ndi kuchepetsa liwiro basi, ndipo mukapanda kuchepetsa pokhota, kamauluka n'kukagwera kunsi kwa mpando. Munthu wa imvi kumakwawa pansi kusaka galimoto! Alongo anga amene anakula akukankha za mawaya akanaona akanagwa n'phwete.

Khirisimasi ya 2021 ndinabweretsa maseti asanu, anatha sabata isanathe. Mtima unakwera. Januwale ndinatenga katapila, ndinaphatikiza ndi za ku banki m'khonde, n'kukapikula makatoni 30 kwa mzungu wina amene amatseka shopu. Ena anali atsopano, ena ogwiritsidwapo kale ntchito. Mtengo unandichititsa khungu, sindinatsegule ngakhale limodzi.

Pa boda, sinditchula iti, ndinakumana ndi kamnyamata koti ndikhoza kukabereka. Risiti anaiyang'ana ngati ndam'patsa tsamba la mpiru. Anatulutsa foni, n'kufufuza pa intaneti mtengo wa seti yatsopano, n'kuwerengera msonkho pamenepo, makatoni onse, ndi akale omwe. Ndinati, bwana, shopu imatsekedwa, n'chifukwa chake zinatchipa. Iye amvekere, "Mayi, nkhani imeneyo aliyense amabwera nayo." Kondakitala anatsitsa katundu wanga, basi inanyamuka ndikuiona. Masiku anayi ndinagona pa khonde, mvula ya Januwale ikuwomba makatoni, ine ndikuwafunditsa chitenje changa. Tsiku lachinayi mnyamata uja anatola kagalimoto kofiira, n'kumakatembenuzatembenuza, ati mwana wake angakakonde. Ndinam'patsa, ndikanatani? Koma msewu sindinam'patse, ndipo popanda msewu kameneko sikasuntha. Mpaka lero ndikaganiza kuti mwanayo amakakankha pa dothi ngati chitini, mtima umakhalako pansi.

Paja mumafunsanso za pepala la COMESA lija lopepukitsira amalonda ang'onoang'ono pa boda. Iwalani. Limenelo ndi la zinthu zolimidwa ndi zopangidwa m'maiko mwathu muno, zidole zochokera kutsidya kwa nyanja sizilowamo.

Pofika ku Lilongwe ndinapeza namondwe Ana atagumula kale ku Kapichira, magetsi akubwera ngati mlendo, pakati pa usiku. Ndani angagulire mwana chidole chodalira soketi nthawi ngati imeneyo? Nditatsegula makatoni m'pamene ndinakhala pansi. Zidutswa za msewu zinali zosakanikirana. Za mtundu wina wotchedwa Carrera n'zotambalala, sizilumikizana ndi za Scalextric, ndipo za Scalextric zakale sizigwirana ndi zatsopano pokhapokha mutapeza kachidutswa kapadera kolumikizira. Zina zinali zitachita dzimbiri ndi mvula ija. Mapulagi onse a mano ozungulira a ku Joni, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano a makona. Mayi wina wa ku Area 47 anandibwezera seti pa geti, ati ndagulitsa zowola, pomwe vuto linali fumbi chabe pa tizitsulo, lofuna kansalu. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Wa katapila anabwera ndi anyamata awiri n'kunyamula firiji, n'kundiuza kuti ulendo wina adzafuna mapepala a poloti.

Amene anandiwombola ndi bambo wa imvi uja. Anabwera kwathu ku Area 25, anakhala pa mkeka tsiku lathunthu akusankhula zidutswa, magalasi ali pamphuno. M'katoni imene ine ndimafuna kutaya anapezamo timagalimoto takale tolembedwa pansi kuti tinapangidwa ku England, manja ake mpaka kunjenjemera. Anaitana anzake. Si ambiri ayi, mukhoza kuwawerenga ndi zala, koma samanenerera ngati amayi a mu msika wa Tsoka. Amangofunsa kuti kali ndi bokosi lake? Galasi la m'mbali silinathyoke? Ngongole ndinaimaliza mu Okutobala.

Lero makatoni sindinyamulanso. Ndimanyamula timawaya toluka tija, timatayala, timalilime, zonse zimakwana m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi mafuta odzola. Zimatha msanga anthu akamathamangitsa Loweruka lililonse, ndipo mu Lilongwe muno amaimbira ine. Kagalimoto ndimagula pokhapokha munthu watumiza chithunzi pa WhatsApp ndi theka la ndalama. Muziona nambala ya kukula kwa kagalimoto pa bokosi: 1:32 ndiye ya akuluakuluwa, 1:43 ndi ya ana, mukasokoneza mudzasewera nokha. Ndipo musamvere wa m'shopu akamati zonse zimagwirana, muuzeni alumikize muli pompo, ayatse, muone kakuzungulira. Za kopeza marandi musandifunse, kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense ali ndi njira yake ndipo sauza mnzake.

Makatoni atatu a msewu wa Carrera akadali kunsi kwa bedi langa, mphemvu zinamangamo mudzi. Ngati mtima wanu ukadali pomwepo, bwerani Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi, mtengo tidzakambirana. Adaputala mubwere nayo yanu.