Yankho la azakhali pa za phunziro la okalamba ndi za agogo

Mwana wanga, uthenga wako ndauona. Ndikujambula mawu chifukwa kulemba sindikwanitsa, ndili pa ntchito ya usiku ndipo ino ndi nthawi yanga yopumula. Ukamva belu kenako n'kuduka, udziwe kuti wodwala wandiitana. Achimwene ndi alamu, nanunso mumvetsere mpaka kumapeto, chonde.

Wati kusukulu kwanu mwayamba phunziro la kasamalidwe ka okalamba, koma anzako akuti n'lotayitsa nthawi, ati ndi kusambitsa ndi kusintha matewera basi, bola kulimbikira za uzamba. Wafunsa ngati zili zoona. Ndiye pansi pake wawonjezera kuti agogo ako sabata ino akuyankhula zosagwirizana, Lachiwiri usiku anawapeza kuseri kwa nyumba ya aneba, ndipo anthu ayamba kunong'ona. Nditawerenga pamenepo mtima wanga unagunda kwambiri. Ndiyamba ndi amayi, za sukuluzo zibwera m'mbuyo.

Achimwene, mwezi wathawu ndinayankhula nawo amayi pa foni yanu. Anandiuza mtengo wa feteleza, anandiwerengera zidzukulu zonse mayina osaphonya, mpaka anandikumbutsa za chitenje chimene ndinawalonjeza. Munthu amene anali choncho masabata anayi apitawo, lero n'kusadziwa khomo la nyumba yake, kumeneko si kukalamba ayi. Pali chimene chalowa m'thupi. Achipatala timati delirium, kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa. Masana amaoneka bwinoko, kukada zimakula. Ena amalongolola ndi kuyendayenda, ena amangoti zii, kugona tsiku lonse, ndipo achetewa ndi amene timawaphonya kwambiri chifukwa savutitsa munthu.

Chimene chimayambitsa nthawi zambiri ndi chinthu choti chingachizidwe. Matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, malungo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa kwa masiku angapo, shuga kutsika chifukwa munthu wamwa mapiritsi a shuga koma sanadye. Ndipo mumve apa, chifukwa apa ndi pamene timapusitsika: wokalamba akhoza kukhala ndi chibayo chachikulu thupi osatentha n'komwe. Mwana akadwala mumagwira pamphumi n'kudziwa. Agogo akadwala, kawirikawiri choyamba kuoneka ndi mutu kubalalika, kugwa, kapena kukana nsima.

Ndiye iwe mwana wanga, poti ndiwe wophunzira unamwino, ntchito ndikukupatsa ndi iyi. Uimbe kumudzi ufunse bwinobwino. Zinayamba tsiku liti? Akumwa madzi ochuluka bwanji, ndipo potaya madzi akumva kuwawa kapena mkodzo ukununkha mwachilendo? Kuchimbudzi anapita liti komaliza? Anagwapo n'kumenyetsa mutu, ngakhale masabata atatu kapena anayi apitawo? Usalidumphe limeneli, chifukwa kwa okalamba magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka aliyense ataiwala za kugwako. Uwauze alamu atulutse mankhwala onse ali m'nyumba, a kuchipatala, a pa golosale, ngakhale azitsamba, awajambule atumize pagulu pano pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Koma ngati pakamwa papotoka, kapena mkono umodzi wafooka, kapena lilime likulemera, musadikirenso m'mawa. Imeneyo ndi sitiroko, pezani galimoto usiku womwe uno.

Pepani, yaduka. Ndabwerera.

Mwana wanga, zonse ndakuuzazi ndiye phunziro limene anzako akulinyozalo. Ine nthawi yathu tinaliphunzira maola owerengeka, mtima wonse uli kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndipo sindikudandaula, chifukwa kumeneko n'kumene anthu ankatifera m'manja. Koma pali bambo wina wachikulire amene sindimuiwala. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito m'wodi ya abambo pa chipatala china cha boma. Anabwera nawo akukuwa, akuvula zovala, akumenya gadiyani wawo yemwe anali mwana wawo weniweni. Tonse tinati apenga. Tinawamanga manja ku bedi ndi nsalu, tinawabaya jakisoni wogonetsa. M'mawa sisitala wina wamkulu anangogwira pansi pa mchombo n'kupeza chikhodzodzo chauma gwa ngati mwala. Mkodzo unatsekeka, bambowo anali pa ululu woti sangaufotokoze. Titaika kapaipi, mkodzo unadzaza thumba, ndipo pofika madzulo anali atakhala tsonga akufunsa za mbuzi zawo. Usiku wonse uja ine ndinali pomwepo ndipo sindinagwire pamimba pawo, chifukwa palibe anandiphunzitsa kuti wokalamba akabalalika uyambe wafufuza m'thupi. Zipsera za nsalu zija pa mikono yawo ndimazionabe m'maso mwanga. Sindikufuna iwe udzakhale ndi usiku ngati umenewo.

Kusambitsa kumene akukunyozako, ukudziwa kuti ndi pamene namwino amapimira munthu thupi lonse? Posambitsa ndi pamene umaona khungu la pansi pa msana, m'chiuno ndi ku zidendene, malo amene zilonda zimayambira munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Mabuku ambiri amene mukuwerenga amati yang'anani pofiira, chifukwa zithunzi zake ndi za khungu la azungu. Pa khungu lathu sipafiira. Pamada kuposa pozungulira, pamatentha, pamalimba kapena kufewa mwachilendo, ndiye uyenera kugwira ndi dzanja, maso okha sakwanira. Ukaphonya pamenepo, pakatha masiku ochepa pabooka, ndipo chilonda chimenecho chimatha kufika pa fupa. Mankhwala ake oyamba si a m'botolo. Ndi kumutembenuza munthu maola awiri aliwonse, kumusunga wouma, ndi kuona kuti akudya.

Kudyetsanso n'chimodzimodzi. Munthu amene anachita sitiroko, ukamumwetsa phala atagona chagada, phalalo limalowera ku mapapo, sabata yotsatira chibayo. Umukhazike tsonga, supuni yaing'ono, osathamanga, ndipo akatha akhalebe tsonga kwa theka la ola. Akamatsokomola pomwa madzi, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, ndiye kuti kumeza kwavuta. Zamadzi nazo, ludzu limachepa munthu akamakula, ndiye agogo sapempha madzi ngakhale thupi lauma. Ena amadzimana dala poopa kutuluka usiku kupita kuchimbudzi. Uyenera kuwapatsa wekha pang'onopang'ono, kaya madzi, kaya thobwa, kaya tiyi.

Za mankhwala ndiye ndingayankhule mpaka kucha. Impso za munthu wa zaka 80 sizisefa ngati za iwe, ndiye mlingo womwewo umakhalitsa m'thupi. Bufeni ndi indosidi amene amayi amagula pa golosale chifukwa cha mawondo aja amakanda m'mimba, amawononga impso, amakwezanso BP. Mapiritsi a BP nawo akachuluka, munthu akadzuka mofulumira amachita chizungulire n'kugwa, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo ambiri sadzukanso pa mphasa. Nthawi zina chimene chikugwetsa munthu ndi maso chabe, ng'ala, yomwe madokotala amachotsa bwinobwino ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha ku Queens, munthu n'kuyambanso kuona.

Tsopano za kunong'onako. Achimwene, apa ndikuyankhula ndi inu. Pali matenda ena osiyana ndi aja ndatchula poyamba, a dementia, amene amabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Ubongo umawonongeka, munthu amaiwala zachangochitika koma zakale amazikumbuka bwino, amafunafuna amayi ake amene anamwalira kalekale, amatuluka usiku kufuna kwawo kumene anakulira. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Alzheimer. Kuno ku England, m'nyumba yosamalira okalamba imene ndikugwira ntchitoyi, ambiri ndi otere. Mayi wina amadzuka pakati pa usiku n'kuvala jekete kuti akatenge ana kusukulu, ana omwe pano ali ndi zidzukulu. Sindimutsutsa. Ndimayenda naye pakhonde, ndimamufunsa za anawo, timamwa tiyi, kenako amakagona. Ndikamayenda naye choncho ndimaganiza kuti mayi yemweyu akanapezeka usiku kuseri kwa nyumba ya munthu kwathu, mwina atavula, anthu akanati mfiti yagwa pa lichero. Akanamufunsa kuti ndiwe mfiti, iye posamvetsa n'kuvomera. Mukukumbuka ku Neno mu 2016, okalamba anayi anaphedwa mtsikana atamwalira ndi mphenzi. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto umenewu wa mphekesera umawatentha iwo omwewo.

Ndiye musadikire kuti kunong'onako kukule. Mawa lomwe mupite kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, muwauze poyera kuti amayi akudwala ndipo tikupita nawo kuchipatala. Mutengenso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, anthu amamumvera. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo kuli bungwe la MANEPO limene limamenyera ufulu wawo. Koma chimene chidzawateteze amayi usiku ndi munthu wogona nawo m'chipinda, nyali yoyaka, ndowa pafupi, ndi aneba amene auzidwa zoona.

Mwana wanga, anzakowo akuyang'ana Malawi wadzulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo tinalipo oposa 17 miliyoni, ndiye werengera wekha. Cha m'ma 2000 zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika 50, pano zinadutsa 60. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo anthu amene anayamba kumwa nthawi imeneyo ali ndi zaka 40 lero ndi agogo, akumwa ma ARV pamodzi ndi a BP ndi a shuga. Amenewa ndi amene adzadzaze mawodi amene iwe udzagwiremo ntchito. Uzamba uuphunzire ndi mtima wonse, ndi ntchito yaulemu, koma ili usalitaye. Mukapita ku wodi, upemphe dala kuti akupatse wodwala wachikulire. Ugwade kapena ukhale pansi kuti maso anu alingane, uwatchule agogo kapena bambo, osati bedi namba yakuti. Uyankhule pang'onopang'ono moyang'anizana nawo, osakuwa. Ufunse iwo eni kaye usanafunse gadiyani. Powasambitsa uwafunditse chitenje, uvundukule pokhapo ukusambitsa, ndipo uwauze chimene ukufuna kuchita usanawagwire. Munthu amene analera ana asanu ndi atatu sizimupepukira kuvulidwa ndi kamtsikana, ndipo manyazi amenewo ndi amene amachititsa ena kubisa kuti mkodzo ukungotuluka wokha.

Kwa ana ena muli pagulu pano amene mwakhala mukunditumizira mauthenga kumbali za maphunziro a miyezi itatu ndi anthu olonjeza ntchito kuno, ndikuyankhani limodzi. Boma la kuno linatseka njira yolembera anthu osamalira okalamba kuchokera kunja mu Julayi 2025, ndiye wina akakuuzani kuti mulipire akupezereni ntchito imeneyo, sungani ndalama zanu. Ngati mukufunadi ntchitoyi, phunzirani unamwino weniweni, kaya ku KUHeS, ku Mzuni, ku Malawi College of Health Sciences, kapena m'makoleji a CHAM monga Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje Mission, mulembe mayeso a Nurses and Midwives Council mukhale ndi chiphaso. Za kuno tidzakambirana tsiku lina, njira yake ndi yaitali, ili ndi mayeso a Chingelezi ndi enanso a bungwe la anamwino la kuno.

Nthawi yanga yatha. Achimwene, ndikaweruka m'mawa nditumiza ya galimoto pa nambala yanu ija. Mupite nawo ku chipatala cha boma, osati kungogula mapiritsi. Mukauze adokotala kuti mwezi watha anali bwinobwino ndipo izi zayamba sabata ino, mawu amenewo mukawanene momveka. Mukapemphe ayeze malungo, shuga, BP ndi mkodzo, amverenso m'chifuwa. Alamu, usiku uno muwamwetse madzi pang'onopang'ono atakhala tsonga, ndipo akanena zosamveka musawakalipire kapena kuwaseka, ingowagwirani dzanja. Iwe mwana wanga, mayankho a mafunso aja undilembere ndisanagone. Amayi akadzuka muwaike pa foni, ngakhale asandizindikire, ndikufuna ndimve mawu awo.