Mafunso Anu: Kodi alvará ya banka ikundilola kugulitsa makombola?

FUNSO: A Mkonzi, ndili ndi banka (kagolosale) pafupi ndi msika wa Ulongué, m'boma la Angónia, ndipo alvará (chiphaso cha malonda) yogulitsira sopo, shuga ndi mafuta ophikira ndili nayo. Khirisimasi ikamayandikira ana amabwera kudzafunsa makombola, aja kuno timawatcha kuti paixão, komanso timawaya tothetheka tija. Ndikuganiza zokapikula ku Malawi n'kulowa nawo pa chipata cha malire cha Calómuè. Kodi chiphaso changachi chikukwanira? (Wamalonda, Ulongué)

YANKHO: Sichikukwanira, bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Kwa mwana khombola ndi choseweretsa, koma pamaso pa lamulo la Mozambique ndi chinthu chophulika. Lamulo nambala 6 la chaka cha 2011, lomwe limayendetsa kapangidwe, kasungidwe, kagulitsidwe ndi kalowedwe m'dziko ka zinthu zophulika, limakhudza zophwanyira miyala za ku migodi ya malasha ku Moatize, limakhudzanso makombola, ngakhale kuti mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Chifukwa chake chili m'kati mwa khombolamo: muli onga, womwe ndi chisakanizo cha makala, sulufule ndi mchere wa potassium nitrate, ndipo mcherewo umapatsa moto mpweya wakewake, kotero kuti katoni ikayaka simungaizimitse poivundikira ndi thumba monga muchitira ndi mbaula.

Chilolezo cha malonda otere chimachokera ku polisi ya PRM, osati ku ofesi yomwe inakupatsani alvará ya zogulitsa wamba. Yambirani ku Comando Distrital, likulu la polisi la m'boma lanu, mukafotokoze zomwe mukufuna kugulitsa ndi malo omwe mukasungire. Pa kasungidwe m'pamene ine ndikukayikira za banka yanu, chifukwa mabanka ambiri a kwathu kuno ndi kachipinda kamodzi ka malata komwe muli machesi, makandulo ndi mafuta, masana n'kumatentha ngati ng'anjo, usiku mnyamata wolondera n'kumagona momwemo.

Za ku Calómuè ndiye zolemera kwambiri. Kuoloka malire ndi makombola ndi kulowetsa zophulika m'dziko, ndipo zimenezo zimafuna chilolezo chakechake chomwe a Alfândega (a kasitomu) adzafuna kuchiona. Kulipira msonkho kokha sikulowa m'malo mwa chilolezocho. Katundu wopanda mapepala amalandidwa, mwini wake n'kuyankha mlandu. Tikudziwa kuti malire a Angónia ndi Dedza ali ndi tinjira tambiri ta njinga, ndipo ena amabisa makatoni pansi pa matumba a mbatatesi mu chapa (minibasi) modzaza anthu, koma kumeneko n'kuzembetsa katundu, kuwonjezera pa kuika miyoyo ya anzanu pachiswe. Ngati chilolezo mwachipeza, n'chapafupi kupikula kwa wamalonda wovomerezeka m'dziko mommuno n'kusunga malisiti.

Ogula nawonso sali omasuka kuphulitsa tsiku lililonse. Nyengo ya zikondwerero ikafika apolisi amalengeza zoyenera kutsata, ndipo kawirikawiri nthawi yololedwa imakhala yochepa, cha pakati pa usiku wa pa 31 Disembala. Mverani zolengezazo pa Rádio Moçambique chaka ndi chaka, musadalire za chaka chatha.

Timawaya tothetheka anthu amatiderera chifukwa sitiphulika, chonsecho timayaka ndi moto wopitirira madigiri 1,000, ndipo waya wake umakhalabe wotentha kuwala kutatha. Iti pamodzi ndi zotulutsa utsi wamitundumitundu za pa maukwati ndi pa mpira zili m'gulu lomwe apolisi amalitcha objectos pirotécnicos, choncho muzitchule zonse pokapempha chilolezo. Ana omwe akukufunsaniwo musawagulitse. Wogula akhale munthu wamkulu, ndipo mumuuze kuti ayatsire kutali ndi madenga a udzu ndi nkhokwe, ali ndi ndowa ya madzi pafupi yoponyeramo mawaya otha.