Feteleza salowa yekha mu muzu

Bambo wina wa ku Mchinji wandifunsa motere: "Alangizi, ndinathira urea pa tsinde penipeni pa chimanga changa kuli ng'amba. Patapita masiku atatu masamba anayamba kufota, nsonga zake n'kuuma ngati zawauka ndi moto. Kodi anandigulitsa feteleza wachinyengo?"

Bambo, wachinyengo amapezeka ndithu pamsika, koma zimene mwafotokozazi amachita ndi feteleza weniweni. Wosakaniza ndi mchenga sawotcha mbewu, amangoisiya ndi njala. Kuti timvane bwino, tiyeni titsike kaye pansi pa nthaka tikaone mmene muzu umadyera.

Muzu, tsamba, ngakhale thupi lanu lomwe, zonsezi zinamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo lililonse linakutidwa ndi kanembanemba kopyapyala zedi, koti mutasanjikiza 10,000 ndi pamene mungayandikire kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope la mwana wanu. Kanembanembaka n'kopangidwa ndi mafuta, koma osati ofanana ndi ophikira aja. Kachidutswa kalikonse ka mafutawa kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yodana ndi madzi, ndiye tizidutswato timadzindandalika tokha m'mizere iwiri, michira itabisala pakati, mitu itayang'ana kumadzi a m'kati mwa selo ndi a kunja. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Gorter ndi Grendel, ndi amene anayamba kuzindikira za mizere iwiriyi mu 1925, pofufuza maselo ofiira a magazi.

Amayi akudziwa kuti mchere umasungunuka m'madzi koma m'mafuta umangokhala pansi. Chakudya cha mbewu nachonso chikasungunuka m'chinyezi chimakhala ngati mchere, choncho khoma la mafutali sichingalibowole. Chimadzera pa tizipata ta mapuloteni timene tinamangidwira m'khomamo, ndipo kachipata kalikonse kali ndi mlendo wake: aka ka potaziyamu, ako ka nayitirojeni, kenako ka madzi. Tizipata ta madzito anatitulukira ndi Peter Agre wa ku America, ndipo analandira nato mphoto ya Nobel mu 2003.

Tsono madzi ali ndi khalidwe limodzi losasintha. Pakakhala kanembanemba pakati, iwo amapita mbali imene kuli mchere wambiri. Dulani tomato, muwazepo mchere, mudikire pang'ono: mbale idzadzaza msuzi musanaike pamoto. Masiku onse m'kati mwa muzu mumakhala shuga ndi michere yambiri kuposa m'madzi a m'nthaka, n'chifukwa chake madzi amalowa. Inu bambo munaunjika urea, amene ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100 iliyonse, m'kachinyezi kochepa ka nthawi ya ng'amba. Kunja kwa muzu kunakhala kowawa kuposa m'kati, madzi n'kutembenuka kuyamba kutuluka. Chimanga chinafota ndi ludzu chakudya chili pakhomo. Palinso chachiwiri. Urea akayamba kusintha m'nthaka amatulutsa amoniya, mpweya wonunkha ngati mkodzo wa m'khola uja. Mpweya umenewu sulira chipata, umangodutsa m'mafuta momwemo n'kukapha timizu tanthete. Ukakhala pamtunda umauluka, ndalama zanu n'kupita ndi mphepo.

Chaka chino musawonjezerepo wina pofuna kuchitsitsimutsa. Mvula ikabwera yokwanira idzasukulutsa mcherewo ndipo chimene sichinafe mtima chidzaphuka masamba atsopano. Mtsogolo muno dikirani nthaka ikhale yachinyezi, koma osati yodzaza madzi. Ngati munadzala motalikanitsa masentimita 25, bayani kadzenje pakatikati pa mapando awiri, thirani mmenemo, mukwirire. Pobzala, feteleza wokulitsa asakhudzane ndi njere. Chenjezo lomweli lipite kwa a m'madimba amene mumathira zitosi za nkhuku zaziwisi pa nazale ya tomato. Zitosi zosaola zimawotcha mwa njira yomweyi.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina wolima m'mphepete mwa dambo ku Nkhotakota. Akuti anathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa yemwe pa nthawi yake, koma mvula itagwa mowirikiza madzi n'kudikha m'mizere, chimanga chasanduka chachikasu ndipo masana chikumafota chikhalirecho chili m'madzi. Akufunsa ngati athirenso thumba lina.

Mayi, thumbalo liyambe lakhala m'nyumba. Zimandipweteka mtima ndikaona munthu wagulitsa mbuzi kuti akathire feteleza m'matope. Tizipata tambiri ta pa muzu sititseguka chabe, timachita kupopa. Potaziyamu wa m'kati mwa muzu amatha kuchuluka kuposa ka 100 poyerekeza ndi wa m'madzi a m'nthaka, komabe muzu umakokabe wina kulowetsa. Ntchito yake ili ngati kukankha wilibala pachitunda, imafuna mphamvu. Mphamvuyo muzu umaipeza powotcha shuga wochokera kumasamba, ndipo kuwotchako kumalira mpweya wa okosijeni. Inde, muzu umapuma. Madzi akadzaza timipata ta m'nthaka, mpweya umayenda pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi ka 10,000 kuchedwa kwake poyerekeza ndi mmene umayendera pamtunda. Mapampu aja amaima, tizipata ta madzi natonso timatsekeka, ndiye mukuona chimanga chikufota chili m'madzi. Pamwamba pa izo, gawo lina la nayitirojeni amene munathira lakokoloka, lina tizilombo ta m'nthaka talisandutsa mpweya.

Mwina mufunsa kuti nanga mpunga wa a neba bwanji ukusangalala m'madzi omwewo. Mpunga uli ndi timipaipi ta mpweya m'kati mwake tochokera kumasamba kukafika kumizu. Chimanga sichinalengedwe kuti chipirire motero. Choyamba n'kutulutsa madzi: phwasulani ngonyeka ngati munamanga, tsegulani ngalande kumunsi kwa munda, ndipo nthaka ikayamba kuuma mukweze mizere. Mukaona tsamba latsopano likutuluka lobiriwira, mizu yadzuka, ndipo pamenepo mungathire urea pang'ono ngati chimanga sichinamasule. Malo amene amadikha madzi chaka ndi chaka, apatseni mpunga nthawi ya dzinja, chimanga mudzadzalepo mvula ikatha.

Mnyamata wina wa ku Dowa akuti anamva zoti madzi a sopo amapha nsabwe za m'masamba, koma iye atayesa, mpiru wake unapsa. N'zoona, achimwene, amapha, pakuti sopo ntchito yake n'kusungunula mafuta, ndipo khungu la nsabwe n'lofewa. Koma tsamba nalo lili ndi phula pamwamba pake lolitchinjiriza kuti lisaume. Sopo akachuluka amachotsa ndi phulalo lomwe. Gwiritsani ntchito sopo wamtanda pang'ono chabe, osati waufa wochapira, poperani madzulo dzuwa litapepa, ndipo muyambe mwayesa pa mbewu zingapo n'kudikira masiku awiri.

Lomaliza ndi la agogo ena a ku Kasungu amene anaswa mtedza wambewu mu Julaye, n'kuusunga m'thumba pafupi ndi denga la malata. Podzala mu Disembala wamera wapatalipatali, pamene chimanga chosungidwa malo omwewo chamera bwinobwino.

Agogo, njere ya mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ya soya ili nawo pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, pamene ya chimanga ili ndi ochepa kwambiri. Mafuta akakumana ndi mpweya, kutentha ndi chinyezi amawonongeka. Ndiko kuwawa ndi kafungo kamene mumamva mu nsinjiro zokhalitsa. Kuwonongekako sikuthera pa mafuta odyedwa okha, kumafika ndi pa tinembanemba ta maselo a kamwana ka mbewu kali m'kati. Njere youma ikamwa madzi tsiku loyamba m'nthaka, tinembanemba take timayenera kudzilumikiza msanga. Ta njere yathanzi timatero, koma ta njere yotopa timadontha ngati chidebe chobooka. Shuga amatayikira m'dothi, nkhungu zimamva fungo n'kubwera, njere n'kuolera pansi pomwepo.

Makoko aja ndi nkhokwe imene mtedza unabadwa nayo, musaulande msanga. Umitsani bwino mpaka uzilira mukaugwedeza, sungani wosaswa pamalo ozizira ndi opita mphepo, matumba atakhala pa thandala osati pansi, ndipo muswe kwatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti mudzale. Musawaze madzi pa makoko kuti afewe poswa, chifukwa chinyezi chimenecho ndi chimene chimaitana chuku. Soya yekha musamugoneke kupitirira chaka. Mvula isanayambe, tengani njere 100 mosasankha, muzidzale mu mchenga wonyowa pakhonde, muwerenge zimene zamera pakatha masiku 10. Zikachepera 70, funani mbewu ina kudakali nthawi.