Kodi ilipo "nkhondo yovomerezeka"?

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Lizulu. Pa wailesi ndimamva akuti "nkhondo yosavomerezeka". Ana m'kalasi anandifunsa kuti ndiye kuti ilipo ina yovomerezeka? Ndinasowa chowayankha. Nanga "yolungama" si chimodzimodzi?

Yankho: Aphunzitsi, anawo makutu awo ngakuthwa kuposa a owerenga nkhani aja. Mneni wakuti kuvomereza sayenda yekha, womva amadikira kuti mumuuze amene wavomereza. Tikati ukwati wovomerezeka, aliyense amadziwa kuti ankhoswe anakumana. Nanga nkhondo, ankhoswe ake ndani?

Alipo ndithu. Pangano lokhazikitsa bungwe la United Nations, la mu 1945, limene Malawi analowamo mu 1964, pa ndime 2(4) limaletsa dziko kuthira nkhondo dziko linzake, ngakhale kungoliopseza kumene. Mipata yodziwika ndi iwiri: kudziteteza ukaukiridwa, monga ikunenera ndime 51, ndiponso pamene khonsolo yoona za chitetezo ya bungweli, ija ya mayiko 15, yaloleza. Choncho ine ndimakonda kutalikitsa pang'ono n'kunena kuti "nkhondo yololedwa ndi malamulo a pakati pa mayiko", kapena "yophwanya pangano la United Nations". Mawu achuluka, inde, koma mwana safunsanso.

"Yolungama" ndi nkhani ina, ya chikumbumtima. Atsamunda amene anapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896 ankadziona kuti ali mkati mwa malamulo awo, koma pitani mukafunse Mngoni wa ku Ntcheu ngati zinali zolungama. Musawasakanize mawu awiriwa.

Ndipo pali mawu athu amene atolankhani amawalumpha: kuputa. Amfumu pabwalo safunsa kuti wavulala kwambiri ndani, amayamba ndi "anaputa mnzake ndani?" Ndime 51 ikufunsa zomwezo. Nenani "dziko loputa" ndi "dziko lodziteteza", agogo kumudzi amva.

Funso: Mayi wina wa pa boma la Dedza akuti, cholondola n'chiti, "pangano la mtendere" kapena "mgwirizano wa mtendere"?

Yankho: Mayi, chimene anthu alemba n'kusainira ndi pangano, mgwirizano ndi kumvana kumene kumatsatira, ngati kwatsatira. Frelimo ndi Renamo, magulu amene ankamenyana ku Mozambique, anasainira pangano ku Rome mu 1992, anzathu amene anathawira kuno ku Dedza n'kuyamba kubwerera kwawo. Malamulo a nkhondo a ku Geneva a mu 1949, oteteza ovulala, akaidi a nkhondo ndi anthu wamba, ndi mapangano, ndipo alipo anayi. Onaninso ndime 211 ya lamulo lalikulu la dziko lathu la mu 1994: pangano latsopano limasanduka lamulo kuno pokhapokha Nyumba ya Malamulo italikhazikitsa. Ndiye mukamalemba, "boma lasainira pangano" ndi "pangano lasanduka lamulo" muziziyika m'ziganizo zosiyana.