Malume, za waya wopotana uja

Malume, mwaswera bwanji kumeneko ku Domue? Ndamva uthenga wanu, kuti waya wa makina anu amphepo opanga magetsi wapotana mpaka kuduka m'kati mwa mlongoti, ndiye mukufunsa ngati tingapange tokha slip ring. Eee, zimatheka, ine ndinapangapo kuno ku Ulongue, koma mundimvere mpaka kumapeto.

Kanthu kake ndi mphete za kopa zokhazikika pamlongoti, ndiye mabulashi, tizidutswa ta kaboni todutsa moto, omangidwa kumutu wozungulira wa makinawo amayenda akukhula mphetezo, moto n'kumadutsa waya osapotana. Muyambe mwaveka paipi ya pulasitiki, ya madzi ija, pamlongoti, kuti kopa asakhudze chitsulo. Kenako mudule paipi ya kopa timphete totambalala ngati chala, mutiveke pamwamba pake motalikirana. Waya mumawotcherera kunsi kwa mphete, n'kuboola kabowo kuti alowe m'kati. Jenereta yanu ikamatulutsa mawaya 3, mphete zikhalenso 3. Madayodi, tizipangizo tosintha moto wa jenereta kuti ulowe m'batire, akakhala m'mwamba momwemo, mphete ziwiri zakwana.

Tsono nkhani yagona pa mabulashi, Malume. Ena akuuzani kuti mutenge a alitaneta ya galimoto chifukwa mphete zake zilimo kale. Chonde musavomere. Timabulashi timene tija timanyamula moto wochepa, pomwe makina a mawati 300 pa batire la mavolti 12 amakankha ma amp 25. Titentha basi. Mufune a sitata, onenepa aja, ndipo pamphete iliyonse pakhale awiri, lililonse ndi sipuling'i yake.

Ndikulimbikira za awiri chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Yanga yoyamba ndinaika bulashi limodzilimodzi. Mu Julaye, mwera uja ndi nkhungu yake, kopa anachita ndere yobiriwira, bulashi n'kusiya kugunda. Mukudziwa, chimene chimagwira mapiko kuti asathamange mopyola ndi batire lomwe akudzazalo. Moto utaduka, usiku, phokoso linasintha, kumalira ngati njinga yamoto. Phiko limodzi linathothoka n'kukazikika pafupi ndi khola la mbuzi, pamene ana amasewera masana. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandigunda.

Ndiye slip ring yanuyo muivindikire, ngakhale ndi chigubu chodula pakati chozondotsa, mvula ndi fumbi zisalowe. Girisi pamphete ayi. Ndi sandipepa wosalala yekha, mphete ziziwala.

Koma mukandifunsa ine mwana wanu, ndinganene kuti muyambe mwayesa njira yapafupi. Waya wofewa, wochindikala, alendewere momasuka m'kati mwa mlongoti, pansi muike pulagi. Mphepo imatembenuza mutu uku, kenako n'kubwezanso uko, ndiye sapotana msanga. Wanu uja ndikuganiza munamukoka kwambiri, analibe polendewera. Muzimuyang'ana pakatha sabata kapena ziwiri, m'mamawa kuli bata. Mugundanitse mawaya ochokera ku jenereta kuti mapiko aime, a kubatire ayi, muzule pulagi, mumasule, mubwezere.

Munditumizire chithunzi cha pamutu paja ndiwerenge mawaya. Loweruka ndifika ndi waya watsopano, mabulashi a sitata nditenganso, tikasankhire limodzi komweko. Pakadali pano mapikowo muwamange ndi chingwe, asazungulire opanda batire. Mupereke moni kwa onse kunyumba.